Kiyi wa Chipinda Chapansi

"Usakhudze mbaulayo, iwe," anatero gogo Addolorata. "Bambo ako tawaika dzulo lomweli, ufuna kuyatsa moto m'nyumba muno?"

Mwana wawo Onofrio anabweza dzanja. Anali atabwera kuchokera ku Torino kudzaika bambo ake, a Sabino, ndipo ankangofuna kakhofi. Koma mu msewu wakale uwu wa ku Bari, pakhomo pa maliro saphika. Chakudya amabweretsa ndi anansi.

"Mayi, khoma lang'ambika kuyambira pakhonde mpaka pazenera. A kukhonsolo akuti nyumba yakale ngati ino ikonzedwe ndi miyala ndi laimu monga anaimangira makolo, apo ayi mutuluke. Mmisiri wotero ndimupeza kuti? Tiyeni ku Torino basi."

"Ndizikakwera chikepe chonga bokosi la maliro chija? Ndikafere m'malere?"

Kunamveka kugogoda. Pakhomo panaima bambo wa imvi, atanyamula mbale ya mpunga ndi nkhono za m'nyanja. Gogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Usadye," gogo ananong'oneza mwana wawo. "Sitikumudziwa ameneyu."

"Ndine Bardhyl, mayi. Ndinabwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku Albania ndili mnyamata, ndilibe ndi nsapato zomwe. Nyengo yonse yozizira ndinkagona m'chipinda chanu chapansi, muja amalinyero akale ankasungira mafuta."

"Bodza. Chitseko chimenecho ndimakhoma ndekha. Kiyi ndi uyu ali m'khosi mwangayu."

Bardhyl anaika mbale patebulo n'kutuluka, iwo namutsatira. Pansi pa kachithunzi ka Maria ka pakhoma anasolola mwala umodzi, n'kutulutsa kiyi wa dzimbiri.

"A Sabino ankati, 'Mkazi wanga amaopa ngakhale mphaka. Uzilowa akagona, uzituluka asanadzuke kupita ku Misa.' Nditachoka ine munagonanso ena." Anakweza maso kuyang'ana mng'alu. "Masiku ano ndine womanga, ntchito yanga ndi nyumba zakalezi. Mukalola, khomali ndiliyamba Lachiwiri."

Gogo analanda kiyi uja m'manja mwa Bardhyl.

"Nkhalamba yabodza ija," anatero kenako. "Buledi kumangotha, ine kumathira makoswe mankhwala zaka zonsezi."

Onofrio anaseka mpaka kupukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Ndiye mwati bwanji, mayi? Za ku Torino?"

"Upite wekha, uvale juzi panjira." Anatembenukira kwa mlendo. "Iwe, Lachiwiri munthu sayamba ntchito, ndi tsoka. Ubwere Lachitatu. Makwerero ako akhale olimba, sindifuna maliro ena pano. Lowa udye, mpunga ukuzizira."

Amuna awiriwo atalowa, gogo anatsala panja ndi kiyi uja m'manja. Anayang'ana uku ndi uku, kumtunda kwa msewu ndi kumunsi kodzera kudoko. Kenako anamubwezera m'bowo muja, n'kukankhira mwala pamalo pake, osaulimbitsa kwambiri.