Mpunga Woyamba wa Mwana wa Palingu

Kunyumba yachifumu ya ku Senkadagala mkazi wa mfumu sankamufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Ankangofunsa kuti unalowa pa machila anji. Wolowa pa machila agolide ndiye mfumukazi, ndipo ameneyo ankachita kukamutenga kutsidya kwa nyanja, kwa anthu a magazi achifumu. Mwana wa kuno kumapiri, ngakhale bambo ake akhale ndi njovu zodzaza khola, ankalowa pa machila achitsulo. Basi, ameneyo ndi wachitsulo mpaka kumanda, ndipo mwana wake pampando sayandikirapo.

Palingu Menike, mwana wa a Medagoda, nduna yolamulira chigawo cha kumpoto kwa mtsinje, anali wachitsulo. Koma ndi iyeyo amene anabereka mwana wamwamuna, pamene wagolide uja zaka zonsezi analibe ngakhale mseru wa m'mawa. Mfumu inali itakalamba, chifuwa chikuyigwedeza usana wonse. Ndiye mukanakhala inu simukanalota?

Mwanayo anali asanapatsidwe dzina, poti dzina limabwera ndi mpunga woyamba. Mwana akayamba kukhala pansi, wowerenga nyenyezi amasankha nthawi, bambo n'kumulawitsa ndi dzanja lake mpunga wophikira mkaka wa kokonati, kenaka n'kumunong'oneza dzina m'khutu. Dzina limenelo amalidziwa ndi bambo ndi mayi okha. Amene wadyetsa ndiye bambo, ndipo palibe bwalo lingasinthe zimenezo. Palingu ankafuna chinthu chimodzi chokha pansi pano: dzanja la mfumu pakamwa pa mwana wake.

"Iwe mtsikana, masiku ano ukuyendatu ngati wagolide," anatero Ukku Etana, wamkulu mwa achitsulo onse, amene mano ake anafiira kalekale ndi masamba otafuna. "Taonani khosilo! Lithyokatu limenelo."

"Nsanje imeneyo, amayi aakulu."

"Nsanje? Ine? Ha! Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mwanawe. Wanga anamudyetsa okha eni dziko, ndi dzanja lomwelo ukulilotalo. Ng'oma zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Tandifunsa kuti ali kuti."

Palingu sanafunse. Aliyense ankadziwa kuti mwana wa Ukku anayamba kusanza mwezi womwewo wa chikondwererocho, n'kuikidwa asanamere dzino lachiwiri. Koma ana amadwala, anadziuza yekha Palingu, ndipo nthawi imeneyo mfumu inali ndi mphamvu, inkayembekezerabe mwana kwa wagolide. Panopa zinthu zasintha. Munthu akafuna chinthu, mtima sumusowetsa zifukwa.

Tsiku lake lokupiza mfumu mphepo litakwana, anaika chokupizira pansi n'kugona chafufumimba, chipumi pamphasa.

"Galu wanu ali ndi pempho, eni dziko."

"Galu wanga ameneyu sakhuta," inatero mfumu, n'kuyamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

"Mwana wayamba kukhala pansi. Mpunga wake wayandikira."

Mfumu inayang'ana kudenga. Mapazi ake, amene Palingu ankawaona ali chigonere pomwepo, anali otupa.

"Tiona," inatero.

Tiona wa mfumu! Alipo anthu anamera imvi atamugwirizira tiona ameneyo. Koma Palingu anatuluka akumwetulira, n'kukauza antchito kuti asankhe mpunga watsopano ndi uchi wa mgwalangwa wabwino koposa.

Wowerenga nyenyezi anati nthawi yake ndi m'mawa, mthunzi wa mzati wa pakhonde usanachoke pamwala wa pakhomo. Ukangochokapo, basi, mwana wadutsidwa ndi mwayi wake, ndipo tsoka lotere silisambika. Patsikulo Palingu anamusambitsa mwana, n'kumumanga kansalu koyera, n'kukhala naye pamphasa yatsopano. Mpunga unali pa tsamba la nthochi, ukutuluka nthunzi. Achitsulo anzake anakhala motsamira khoma, ena kudzaonerera, ena kudzaseka.

Ng'oma sizinalire. Mfumu siyenda popanda ng'oma, zimenezo ngakhale khwangwala wa padenga ankadziwa. Mthunzi unayamba kusendera.

Kenaka kunamveka mapazi, ndipo amene analowa anali bambo ake, a Medagoda, atavala chisoti chawo cha ulemu, kumbuyo kwawo mayi ake a Palingu atanyamula nsalu yoberekera mwana.

"Ababa, mwabwera kudzaona?" anafunsa Palingu, koma maso ake anali pa nsalu ija.

"Ndabwera kudzadyetsa."

"Iyayi! Mwanayu ali ndi bambo wake."

"Tsitsa mawu, kuno si kumudzi." A Medagoda anakhala pansi chapatali, poti mkazi wa mfumu mwamuna aliyense samukhudza, ngakhale amene anamubala. "Nduna zakhala pansi. Mpando ukupita kwa mlongo wake wa mfumukazi. Eni dziko avomera, ndipo ndi iwowo andituma."

"Mlendo? Wosadziwa n'komwe chilankhulo chathu? Inu mwavomera zimenezo, mdzukulu wanu ali apa?"

"Mdzukulu wanga ndiye vutolo. Ukuganiza kuti anzanga aja angagwadire mwana amene agogo ake ndi Medagoda? Mlendo alibe malume kuno, n'chifukwa chake onse amukonda." Anapukuta thukuta ndi kansalu. "Mwanayu akadya za m'dzanja la mfumu, mpunga wa chaka chamawa saudya. Akadya za m'dzanja langa, ndi chitsiriza wa kwa Medagoda, adzalima minda yake, adzakalamba."

"Ndiye ineyo?"

"Iwe ndiwe wa nyumba ino. Unalowa, sutuluka."

Palingu anamukumbatira mwana mwamphamvu mpaka mwanayo anayamba kudandaula. Mtima unamuwawa kuwawa kwenikweni. Anawada bambo ake, anayida mfumu, anadana ndi machila amene tsiku lija anakweramo akunyadira, anthu a kwawo akumuwazira maluwa. Ndipo ankadziwa kuti palibe angamulande mwanayo. Bambo ake sakanatha kumukhudza, mayi ake sakanayerekeza. Akangokhala chomwecho, mwana akhala wake, wopanda dzina, wopanda bambo, wodutsidwa ndi nthawi yake, ndipo mfumu yatsopano idzamukumbukirabe.

Anayang'ana kukhoma kufuna womuthandiza. Atsikana aja anaweramitsa mitu. Ukku Etana yekha ndiye ankamuyang'ana, atasiya kutafuna, ndipo sankaseka.

"Mthunzi, mwanawe," anatero Ukku chapansipansi. "Ine sanandipatse n'komwe zosankha."

Mthunzi unali utatsala m'mphepete mwa mwala. Palingu anadzuka n'kumukhazika mwana pamphasa patsogolo pa bambo ake. Anachita yekha, ndi manja ake, palibe anamukankha.

A Medagoda anatapa mpunga ndi zala n'kuuika pakamwa pa mwana. Kamwanako, posadziwa kanthu, kananyambita uchi uja n'kuseka, n'kutambasula manja kufuna wina. Kenaka mkuluyo anawerama, nanong'ona m'khutu mwake, n'kutembenuka kukanong'onezanso mkazi wake.

Palingu anadikira. Palibe anamuyandikira.

"Amayi," anatero, "mwamutcha ndani?"

Mayi ake anali akumanga kale mwana kumbuyo, osamuyang'ana kumaso, misozi ikugwera pamfundo ya nsalu.

"Dzina la mpunga ndi la makolo, Palingu. Ukudziwa iwe."

Atafika pakhomo anaima pang'ono, n'kutembenuza msana kuti nkhope ya mwana ionekere. Anagwira kadzanja kake kopaka mpunga n'kukagwedeza.

"Tiye, atate," anamuuza mwanayo. "Atsanzike achemwali ako."