Chuku Kuseri kwa Kabati

Chuku chinayamba ngati timadontho takuda kuseri kwa kabati ya zovala. Pofika pakati pa nyengo ya chisanu chinali chitakwera khoma mpaka kudenga, pafupi ndi kabedi ka mwana. Mwanayo, Elif, ankatsokomola osaleka, ndipo dokotala anati akufunika chipinda chouma. Mayi ake, Derya, anauza eni nyumba kuti zinthu zikapanda kusintha, asamuka.

Eni nyumbawo ndi anzanga oyandikana nawo kuno kudoko la Bremerhaven, Malte Oltmanns ndi mkazi wake Gesa. Nyumbayo anawasiyira ndi azakhali a Malte. Ndi yakale, ya njerwa zofiira, yokhalamo mabanja atatu. Iwo amakhala pansi, Derya pamwamba penipeni. Ndi anthu abwino, koma pa nkhani ya lendi anali makanda. Ndiye anathamangira kwa ndani? Kwa ine, Hinnerk Tietjen! Ine amene ndinachoka pakhomo pa makolo ndi kachikwama kamodzi, n'kuyamba kusenda mbatata pa sitima za pamadzi. Valparaíso ndafikako, Mombasa ndafikako, Busan ndimamudziwa ngati thumba la buluku langa. Lero ndili ndi nyumba zinayi za lendi, zonse za thukuta langa. Mukasochera mumsewu wathu muno, ngakhale galu akulozerani geti langa.

Anandipeza ndikukazinga nsomba.

"Madala, zativuta," anatero Malte.

"Khala pansi, mphwanga. Ndinaona namondwe ku Cape Horn ine, ndiye khoma lingandiopse?"

"Ndapakapo penti kawiri, koma chikubwereranso. Wolakwa ndi Derya. Amayanika zovala m'chipinda. Ine ndinawaikira mazenera atsopano nyumba yonse kuti asamazizidwe, kuthokoza kwake n'kumeneku? Ngati akufuna kupita, apite."

"Apite kuti ndi mwana wodwala?" Gesa anamudula. "Derya sanativutitsepo. Ukufuna tipezenso wochita lendi wina ngati uja ankaimba ng'oma? Ndiponso wobwerayo adzapeza chuku chomwecho."

Ndinatembenuza nsomba yanga n'kuwafunsa ngati anakhalapo pansi ndi Deryayo.

"Tinamulembera uthenga pa foni," anatero Malte. "Koma makiyi ndili nawo. Tiyeni tikalowe pompano, ali ku ntchito, mukaone nokha."

"Bweza makiyiwo m'thumba! Njerwa ndi zako, koma pakhomo ndi pake. Muimbire, umufunse tsiku limene angatilandire."

Anatilandira Loweruka m'mawa. Atatsegula chitseko anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Mwabwera ndi pulofesa?"

"Kaputeni, amake Elif," ndinatero ndikuvula chipewa.

"Kaputeni wa mbatata," anatero Gesa, ndipo Derya anaseka asakufuna.

Nditangolowa, mpweya unandimenya kumaso, wolemera ngati wa m'chipinda cha injini tili ku Singapore. Magalasi a mazenera ankachucha madzi. Pakati pa chipinda panali choyanikira chodzaza ndi timalaya ta mwana, matawulo ndi nsalu za pabedi. Malte analoza ndi chala, nkhope yonse ikunena kuti si mwaona.

"Amake Elif," ndinatero, "bwanji mumayanika muno?"

"Ndiyanike kuti? Pamutu pa a Malte? Panja mvula ndi ya tsiku ndi tsiku. Azakhali awo ali moyo, tonse tinkayanika kuchipinda cha kudenga. Zingwe zili komweko, mphepo imadutsa bwino. Koma chisinthireni mazenera, pachitseko pali loko wamkulu ngati wa ku banki."

"Bwanji simunanene?" anafunsa Gesa.

"Ndinkati nyumba ndi yanu, mwina muli nacho chifukwa."

Gesa anatembenukira mwamuna wake. Makutu a Malte anafiira.

Tinakwera tonse, Elif ali m'manja mwa mayi ake. Malte atatsegula loko uja, ndinaseka mpaka kugwira khoma. Mazenera akale onse a nyumba ija anali mmenemo, atawayedzeka mwadongosolo pansi pa zingwe, bulangete lili pamwamba ngati odwala m'chipatala.

"Ndinkati mwina tidzawafuna," anatero Malte chapansipansi.

"Mazenera akufunda bulangete, mwana wanga akutsokomola!" anatero Derya. "Ee, a Malte, ndinu bambo wachifundo."

Gesa anali wokonzeka kumumaliza mwamuna wake pomwepo, koma ndinakweza dzanja. Nkhani ya chuku kawirikawiri sikhala ndi wolakwa mmodzi, ndipo ine ndaweruzapo zambiri.

"Nanga inu, amake Elif, mazenera mumatsegula?"

"Kuzizira konseku? Mwana akutsokomola, ine nditsegule zenera? Ndimatseka ndithu. Hita ya kuchipinda ndimazimitsa masana, chifukwa gasi wakwera mtengo."

"Ndiye tamverani nonse," ndinatero. "Pa sitima tinkanyamula matumba a khofi kuchokera ku Santos. Mukatseka zonse osalowetsa mpweya, sitima imatuluka thukuta m'kati, ndipo mukafika kuno khofi yense wachita chuku. Nyumba nayo ndi chimodzimodzi. Mazenera akale aja ankalowetsa mphepo m'mphepete, ndiye nyumba inkapuma yokha. Atsopanowa salola kanthu kudutsa. Chinyezi cha kupuma kwathu, cha kuphika, cha kusamba ndi cha zovala chimasowa kolowera. Chimakakhala pakhoma lozizira kwambiri, makamaka kuseri kwa kabati kumene mpweya sufika. Malte anachita bwino kuika mazenera. Anangoiwala kuuza anthu ake kuti tsopano nyumba iyenera kupumitsidwa ndi manja."

"Ndiye ndipakenso penti?" anafunsa Malte.

"Penti pachuku ndi mafuta onunkhira pa thupi losasamba. Itana katswiri. Ayambe waona ngati khomalo silikulowa madzi kuchokera kunja, kenako achichotse chonse."

Zinayenda monga ndinanenera, ndipo sindinadabwe. Katswiri anabwera, anayeza khoma, n'kupeza kuti denga ndi mapaipi zili bwino. Anakanganula mapepala a pakhoma, anapala chuku atavala chophimba kumphuno, n'kusiya khoma liume. Masiku a ntchitoyo Derya ndi Elif anagona m'chipinda cha alendo cha Gesa, ndipo ndikumva kuti azimayi awiriwo anamuseka Malte mpaka iye anayamba kudyera yekha kukhitchini.

Kabati tinaisuntha pang'ono, mpata woti dzanja lilowe kuseri. Hita Derya anasiya kuizimitsiratu, amangoichepetsa. M'mawa ndi madzulo amatenga mwana kupita naye kubalaza, n'kutsegula mazenera onse a kuchipinda kuti yasa kwa mphindi zochepa, mpweya wachinyezi utuluke makoma asanazizire. Tsiku loyamba ndinamuonetsa ndekha. Mphepo ya kunyanja inandilanda chipewa n'kukachiponya mumsewu, ndipo Elif anaseka koyamba chidwalireni.

Malte anachotsa loko, anamanga zingwe zatsopano, n'kugogoda pakhomo la banja lililonse kufotokoza za kupumitsa nyumba. Anawauzanso kuti aliyense akaona kadontho pakhoma anene tsiku lomwelo, ndipo palibe amene adzakalipiridwe. Banja la pakati linamutengera kubafa n'kumuonetsa timadontho tawo, timene ankabisa poopa kudzudzulidwa. Tinatichotsa tisanakule.

Nanga mazenera akale aja? Musafunse! Ndinawanyamula onse kupita nawo kudimba kwanga n'kumanga kanyumba ka magalasi kolimamo mbewu. Matimati amene ndinakolola chaka chimenecho, ngakhale ku Napoli sindinawaonepo, ndipo ku Napoli ndafikako.

Tinawadyera pabwalo pa Malte nyengo yotentha. Gesa anaphika keke ya batala, Derya anabweretsa börek, chitumbuwa chotentha cha tchizi, ine ndinabweretsa matimati ndi nkhani. Elif ankathamangitsa mbalame, chifuwa chili mbee, ndipo dokotala anali atanena kale kuti wachira. Za kusamuka palibe anazitchulanso. Derya anangofunsa ngati angapake chipinda cha mwana penti wachikasu, Malte n'kunena kuti apaka yekha.

"Ameneyo ndiye amamudziwa penti," anatero Gesa.

"Mwaonatu, madala," Malte anandiuza akuluma tomato wanga, "ndinanena kuti mazenera aja tidzawafuna."

"Apatseni bulangete lija a Kaputeni," anatero Derya, "akafunditse matimati."

Inu amene muli ndi kanyumba ka lendi, mverani munthu amene wazungulira dziko. Chuku musachibise ndi penti, ndipo musathamangire kuloza chala. Pemphani kulowa, pitani mukaone, funsani, mvetserani. Mukasintha kanthu panyumba, fotokozerani okhalamo, ndipo apatseni poyanika zovala. Inunso ochita lendi, pumitsani nyumba tsiku lililonse, ndipo nenani vuto likadali kadontho. Khoma ndi la mwini nyumba, koma chifuwa chimene chimatsokomola ndi cha mwana wogona pafupi nalo.