Bata la M'chipinda cha Ba Kulthum

Tsiku limene Hamdan ankakwera basi ya ku Joni, mayi ake, Ba Kulthum, anamuikira kaseti m'thumba la malaya, namanga batani lake ndi manja awo.

"Iyi ndi ya makutu ako wekha," anatero. "Mawu anga sayenda m'misewu. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Mawu anu palibe wina adzawamva."

Mlongo wake Thuwaiba anali pomwepo, chikwama chili pamutu. Ba Kulthum sankadziwa kulemba. Makalata awo opita kwa abale ku Mangochi ankawalankhulira mu wailesi ya kaseti, chitseko atatseka. Pagulu sankakweza mawu, ngakhale poitana mwana.

Panapita zaka makumi awiri ndi zitatu. Ku Joni, Hamdan anaphunzira kujambula mawu a m'mafilimu, ntchito yoimirira ndi ndodo yaitali ya maikolofoni pamwamba pa anthu olira misozi yabodza. Mayi ake anamwalira m'mawa naikidwa dzuwa lisanalowe, monga mwa mwambo. Uthenga unamupeza manda atafotseredwa kale.

Atabwerera kwawo ku komboni ya Kalikiliki, maso anazindikira njira koma makutu anasochera. Pamene panali mtengo wa mango, pomwe bambo ake ankapalasa makina osokera, panali kashopu kobetchera mpira. Majenereta ankabangula, matchalitchi ankapikisana masipika, ndipo nkhunda zinasamuka osatsazika.

"Kaseti ija ukadali nayo?" Thuwaiba anamufunsa akuthira tiyi.

"Ndili nayo."

"Iwe unatenga mawu, ine ndinatsala ndi thupi. Usunge chako monga ndinasungira changa."

Amene anamupatsa chochita anali Towela, mayi wa ku komboni ya Mtendere wokonza kafilimu kake koyamba, ka mphindi khumi ndi ziwiri, ndi kamera yobwereka. Nkhani yake inali ya munthu wobwerera kunyumba ya mayi ake n'kupeza mulibe munthu. Wosewera anali Rex, woyendetsa takisi. Kumapeto Rex amalowa m'chipinda, nakhala pa bedi mphindi yathunthu osanena kanthu.

Hamdan anawaphunzitsa lamulo la ntchito yake: chipinda chilichonse chili ndi bata lakelake, ndipo mukatha kujambula, nonse mumaima zii kuti maikolofoni imwe batalo. Popanda ilo chithunzi chimauma. Anayesa kanayi. Kanayi konse wailesi ya kuseri kwa khoma inalowerera.

"Ba neba!" Rex anafuula pa zenera. "Chepesankoni volyumu, tipanga filimu kuno!"

"Vabodza vanu ivo!" mawu a mayi wina anayankha. "Ine nimvela nyimbo za Mulungu. Muzime imwe kamera!"

Towela ataonera zomwe anajambula, anagwira tsaya. "Ba Hamdan, chithunzi chili bwino, koma chafa. Ba Rex baoneka monga balindila minibasi ya ku tauni."

Masana amenewo magetsi anali atazima. Hamdan anadzitsekera m'chipinda, anaika mabatire mu kawailesi kakale, navala mahedifoni. Kaseti anali ataimvera kosawerengeka, koma nthawi zonse ankamvera mawu. Tsiku limeneli anamvera pakati pa mawu. Ba Kulthum ankati akanena chiganizo chimodzi, n'kukhala kaye chete nthawi yaitali, kusakasaka chotsatira. M'mipata imeneyo munali mvula yowaza pa malata, makala akuthetheka pa mbaula, makina a bambo ake akuti kwetekwete patali, ndi nkhunda imodzi yosatopa. Anatsinzina. Khoma la chipinda cha mayi ake linabwerera pamalo pake akale, fungo la nsalu yositidwa linadzaza chipinda, ndipo mtengo wa mango unameranso panja.

Ndinalonjeza za mawu, anadziuza. Bata si mawu.

Magetsi atabwera anasamutsira kasetiyo pa kompyuta, nayamba kudula ngati telala, kuchotsa chiganizo chilichonse n'kulumikiza mipata yokhayokha. Ataiyala pansi pa chithunzi cha Rex, munthu uja sanaonekenso wodikira basi. Mapewa omwewo, nkhope yomweyo, koma tsopano anali mwana wa munthu.

Vuto linali pa mpata womaliza. Umathera pomwe Ba Kulthum akukoka mpweya kuti alankhule. Akadula pamenepo, filimu imatha itakoka mpweya osautulutsa, ndipo chifuwa cha womvera chimatsala chotsamwa. Akachotsa mpweyawo, mvula imaduka ngati yazimitsidwa. Anabwezeretsa chiganizo chotsatira, kungofuna kumva yekha. Anamvera kamodzi, navula mahedifoni. Kenako anasunga mafilimu awiri pa fulashi: yoyamba ya bata lokha, yachiwiri ya bata ndi chiganizo chija.

Hamdan anaonetsa Towela yoyamba yokha. "Iyi yapuma manje," anatero Towela. "Koma ikalibe kufika. Monga munthu aima pa chitseko."

Filimuyo anaionetsa Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina, mazenera ataphimbidwa ndi mabulangete. Munadzaza: oyendetsa takisi anzake a Rex, amayi a pamsika, ngakhale neba wa wailesi uja, atavala chitenge cha ku tchalitchi. Thuwaiba anakhala pa benchi yachitatu, mpango wakuda kumutu, manja pa maondo. Kuwala kochepa kolowera pa chibowo cha bulangete kunagwera pa phewa lake, fumbi likuvina m'menemo.

Towela anabaya fulashi, naona mafilimu awiri.

"Ni iti, ba Hamdan?"

Hamdan anayang'ana msana wa mlongo wake. Analoza yachiwiri.

Anthu anaseka Rex atatulukira pa khoma atanyamula sutikesi. "Dilaiva wasiya kuti motoka?" wina anakuwa. Pofika mphindi yakhumi panalibenso woseka. Rex analowa m'chipinda, nakhala pa bedi. Mvula inayamba kuwaza pa malata, ndipo ena anayang'ana kudenga, ngakhale kunja kunali dzuwa la Okutobala. Makala anathetheka. Nkhunda inalira. Munthu wosaoneka anakoka mpweya.

"Wafika bwino, mwanangu? Wadya?"

Thuwaiba sanatembenuke. Anthu onse a m'kalasimo anamva mawu a Ba Kulthum.