Chigoli Chimene Eddie Sakuchikumbukira

Lachinayi limenelo Eddie anafika kunyumba ku Silicon Oasis, mu mzinda wa Dubai, akuyenda pang'onopang'ono ngati wosenza ndowa yodzadza. Chakudya anakana, TV anati izimitsidwe, ndipo mayi ake, a Dorothy, atatsegula makatani iye anaphimba maso ndi mkono. Atamufunsitsitsa m'pamene anaulula kuti ku maphunziro a hoke, masewera a ndodo aja a pa ayezi, mnzake anamugunda mwamphamvu, mutu n'kukamenya khoma la bwalo.

"Bambo a Eddie, mwanayu sali bwino," anatero a Dorothy. "Aimbireni foni akuchipatala a timu yawo."

A Potiphar Mwenda anapukusa mutu. Mnyamatayo anali atangosaina kumene kontirakiti yake yoyamba mu timu ya akuluakulu, ndipo chiyambire nyengo ya masewera ankangotenthetsa benchi. Loweruka likubwerali m'pamene kochi anamulonjeza kuti alowa. Ndiye akanene kuti mutu ukupweteka? Ha! Malowo akanapatsidwa wina, ndipo ndani akanamukumbukiranso mwana wa ku Dedza?

Tisafulumire kuwaweruza bambowa. Iwo anafika ku Dubai ali mnyamata, kudzagwira ntchito yaulonda, n'kumagona m'nyumba za kampani momwe mabedi ankasanjikizana. Kumeneko kunali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma Mmalawi aliyense wofika kumene ankauzidwa asanatsegule n'chikwama chomwe: wodwala sanena. Iwo anaona ndi maso awo anzawo odwaladwala akuperekezedwa ku bwalo la ndege. Choncho thupi likatentha ankameza panado, n'kuvala yunifolomu, n'kukaima pageti akumwetulira. Lamulo limeneli ndi limene ankati linawadyetsa, linawakweza kukhala supavaiza, mpaka anatha kuitanitsa mkazi ndi mwana.

Analowa kuchipinda kwa Eddie n'kukhala m'mbali mwa bedi.

"Mwanawe, tamvera. Kuno ndi kwa eni. Bwana akakufunsa kuti uli bwanji, yankho ndi limodzi basi."

"Adadi, koma magetsi akundilasa m'maso. Komanso ndikumva nseru."

"Nseru inapha ndani? Ine ndaima padzuwa la Julaye ndikunjenjemera, kodi sindine ndili panoyu? Imwa panado, ugone. Ukagoletsa Loweruka udzandithokoza."

Eddie anameza panadoyo. Chibadwire anali asanawatsutsepo bambo ake.

Nkhani ya mnyamatayu ndi ayezi a Mwenda ankaikonda kuposa nkhani ina iliyonse. Zaka zimenezo ankalondera bwalo la ayezi la mu molo ina, chinyumba chachikulu cha masitolo. Kunja kukuotcha ngati m'ng'anjo ya njerwa, koma ukangolowa mmenemo kamphepo kankakulandira kofanana ndi ka m'mawa wa Juni ku Dedza, pamene ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Anzawo ankadandaula za kuzizirako, iwo ayi. Ankati mmenemo ndi mmene amamva fungo la kwawo.

Eddie akaweruka kusukulu ankadzawadikirira pomwepo, mphuno ataigunditsa pagalasi. Tsiku lina mphunzitsi wa ana anamubwereka nsapato zija zokhala ndi mpeni kunsi. Abale inu, kugwa kwake! Akati aime, phuu. Akati agwire khoma, miyendo yapita kwina. Koma ankadzuka akuseka, mano awiri akutsogolo kulibe, n'kukuwa kuti, "Adadi, mwandiona?" Ndipo a Mwenda, atavala yunifolomu yawo, ankayankha chapansipansi kuti, "Ndakuona." Kuchokera pamenepo anamuona akuphunzira kubwerera chambuyo, akuphunzira kugwira ndodo, akulira atamusiya pa ulendo wa timu ya ana, akukula mpaka kuwaposa msinkhu. Zonsezi zinali m'mutu mwawo pamene ankamupatsa panado uja.

Lachisanu masana anamuperekeza ku bwalo. Ali pakhomo anaimitsidwa ndi a Thelma, namwino wa timuyo, mayi wa ku Chipata amene ankasangalala akapeza womulankhula Chinyanja.

"Ba Mwenda, bwanji? Nifuna munithandize. Dzulo ninaona mmene mwana wanu anagundira mutu. Namufunsa, akuti ali chabe bwino. Manje imwe mukhala naye, niuzeni zoona. Anadya? Anasanza? Akudandaula kuwala?"

"Aaa, sisitala, mwana uja ndi chitsulo. Wadya mbale ziwiri."

A Thelma anatsitsa mawu.

"Mukudziwa, ubongo uli ngati dzira m'chikho. Mutu ukagunda, umagwedezeka mkatimo, ngakhale kunja kusaoneke bala. Ukaupumitsa umachira. Koma ukagundanso usanachire, ngakhale pang'ono chabe, m'pamene pamabwera zoopsa. Ine sinili pano kuchotsa ana ntchito. Nikadziwa, nimamupumitsa, malo ake amawapeza. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akabisa, nizadziwa bwanji?"

"Inshallah zonse zikhala bwino," anatero a Mwenda, n'kudutsa. Mumtima ankati mawu otere anawamvapo kale kwa mabwana ambiri.

Loweruka linafika. A Mwenda anavala jekete lawo la ku tchalitchi, a Dorothy anafunda chitenje pamwamba pa juzi. Kochi atakuwa kuti, "Yalla, Eddie, lowa!" mnyamatayo analumpha kulowa m'bwalo. Sipanapite nthawi, kampira kaphwatalala kaja kamene amati paki kanamupeza ali yekha kumanzere. Anamuzemba wotchinga mmodzi, anakhota, n'kumenya. Ukonde unagwedezeka. Eee, chisangalalo chake! A Dorothy analuluta nthungululu mpaka azungu oyandikana nawo anatembenuka. A Mwenda anangoima, misozi ili mbwee, akunena okhaokha kuti, "Ndakuona, ndakuona."

Chimwemwecho sichinakhalitse. Masewera atayambanso, wosewera wina anamukhudza ndi phewa, kukhudza wamba kumene pa hoke sakuwerengera n'komwe. Eddie anagwa chagada, osadzuka. A Thelma anathamanga pa ayezi ndi nsapato wamba, akuterereka, n'kugwada pambali pake. Bwalo lonse linati zii.

Kuchipatala anatsitsimuka. Madokotala atamuunika anati mwamwayi magazi sanatayikire mu ubongo, koma wagwedezeka kawiri motsatizana, ndipo masewera a nyengo yonseyo ayiwale. A Mwenda analowa atagwira paki ija, imene anzake a Eddie a mu timu anawapatsa monga amachitira wosewera akagoletsa koyamba.

"Adadi, masewera ayamba?" anafunsa Eddie.

"Atha kale, mwanawe. Unagoletsa. Si iyi paki yako."

"Ine? Ndinagoletsa?" Anamwetulira, n'kuitembenuza m'manja. Patapita kanthawi anakweza maso. "Adadi, masewera ayamba?"

Apa a Mwenda anatuluka n'kukakhala pa benchi ya m'khonde, chipewa chili m'manja. A Dorothy sanawakalipire. A Thelma ndi amene anadzakhala pafupi nawo.

"Sisitala, mbale ziwiri zija sanadye," anatero bambowo.

"Nadziwa manje. Naine ninabwera kuno ngati imwe, ba Mwenda, lamulo lija nilidziwa. Koma thupi si yunifolomu ya kampani kuti ikang'ambika azakupatsani ina. Mukananiuza, sembe anaphonya masewera ochepa chabe. Khalas, basi, zachitika. Manje timuthandize. Ayambe wapumula, foni na TV achepetse. Mutu ukaleka kuwawa ayambe kuyenda, kenaka kuthamanga, kenaka ayezi ali yekha. Chikabwerera chizungulire, tibwerera kumbuyo. Ndipo amene azaniuza zoona tsiku lililonse ndimwe."

Ntchito imeneyo a Mwenda anaigwira mokhulupirika kuposa ya pageti. M'mawa uliwonse ankamufunsa Eddie mmene wadzukira, ndipo akayankha msanga kuti ali bwino, iwo ankati, "Iwe, yankho limenelo ndinakuphunzitsa ndine. Ndiuze lenileni." Miyezi inali yaitali. Malo ake mu timu analowapo mnyamata wina, ndipo panali masiku amene Eddie sankafuna kuona ngakhale ndodo yake. Kuzizira kutayamba ankayenda limodzi m'mbali mwa nyanja ku Jumeirah, bambo akusimba za Dedza, za mbatata ya kachewere yokazinga pamsewu ndi nkhungu yophimba phiri, mwana akumvetsera zinthu zimene anazisiya ali wamng'ono.

Nyengo yotsatira timu inamulandiranso, ngakhale anayambiranso pa benchi. Tsopano ankasewera mutu uli m'mwamba, akuona amene akubwera, osathamangira paki ngati nkhuku yoona chimanga. Tsiku lina, masewera ali pakati, anagundananso ndi wina pakona. Anadzuka, anaima pang'ono, kenaka anakweza dzanja yekha n'kulunjika kwa a Thelma. Anthu ena anang'ung'udza poti timu inali kutsalira. Koma m'gulu monsemo munaimirira bambo mmodzi wa jekete la ku tchalitchi, akuomba m'manja yekhayekha, osachita manyazi.

Zigoli zina Eddie wagoletsa chichokereni nthawi imeneyo, ndipo zonsezo amazisimba yekha. Koma choyamba chija sichinabwerere m'mutu mwake. Pa foni anachionerapo kambirimbiri, ndipo amati zimangokhala ngati akuonera munthu wina. Paki ija ili pa kabati m'chipinda chochezera. Nthawi zina madzulo amaitenga n'kunena kuti, "Adadi, tandiuzaninso mmene zinakhalira." A Mwenda amayamba bwinobwino, paki ikubwera kumanzere, wotchinga akuzembedwa. Akafika pa ukonde mawu amawathera, chifukwa tsiku limene mwana wawo analilimbikira kuyambira ali wopanda mano akutsogolo, amalikumbukira ndi iwo, osati mwanayo.

Phunziro: Munthu akagunda mutu n'kuyamba kumva litsipa, nseru, chizungulire kapena kudana ndi kuwala, asiye masewera kapena ntchito ndipo aonedwe ndi achipatala, ngakhale pasaoneke bala. Makolo, mantha amene anatisunga ife pa ntchito tisawapatsire ana ngati nzeru. Malo mu timu amabwereranso, koma zimene ubongo wataya sizibwerera zonse.