Mphasa Yomaliza ya a Kaliati

"Usandigwire dzanja! Maliro a mwamuna wanga sungawakhuzire pageti ya anthu, wamva iwe Lucy? Kodi a Kaliati anafera pano?"

Eliza analankhula mawuwa ataima kunja kwa geti, chitenje chakuda m'chiuno, duku lakuda kumutu. Mng'ono wake Lucy anali mkati mwa mpanda, dzanja atalitulutsa pakati pa zitsulo ngati mkaidi wopempha fodya. Anali atavala kabudula wolekeza m'mawondo, nsapato zothamangira, ndi magalasi akuda aakulu ngati a munthu wowotcherera zitsulo.

"Achemwali, tsitsaniko mawu. Muli alendo mkatimu."

"Alendo? Nanga iweyo ndiwe ndani? Mchombo wako unakwiriridwa kuseri kwa khola la mbuzi kwathu uko, lero wasanduka mlendo wogona m'nyumba ya lendi?"

Kuti mumve bwino pamene panayambira moto, nkhani yake ili chonchi. A Kaliati, amuna ake a Eliza, anamwalira mu Januwale mvula ili pakati. Lucy, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, sanabwere. Anaimba foni akulira, akuti mabwana akaniza, akuti misewu yaduka. "Mvula ikangokata ndibwera, achemwali." Eliza anamvetsa. Kuno munthu wophonya maliro sathamangitsidwa, amabwera ngakhale patapita miyezi. Koma pali kabweredwe kake. Amayamba kulira akadali kunjira, kuti amayi a pamudzi amve atuluke. Sanena odi. Amavula nsapato n'kukhala pamphasa, amalira ndi namfedwa mpaka misozi iphwe, kenaka amamuperekeza kumanda akaone pamene pagona m'bale wake. Zikatha zimenezo m'pamene anthu amayamba kufunsana za ana ndi za mpunga.

Ndipo Lucy sanali mlamu wamba kwa malemuwo. Makolo awo atatha, iye anali kamwana ka mamina, ndipo a Kaliati anamupeza pakhomopo n'kumulera limodzi ndi mkazi wawo. Sukulu ikatsegulira ankamukweza panjinga mpaka ku Mua, sutikesi kumbuyo, mwana pachitsulo. Mtsinje ukadzaza ankayamba kuwolotsa mwana paphewa, n'kubwerera njinga. Ankamutchula kuti "woyamba wanga."

A Kaliati anali mmisiri wosoka mphasa za bango. Yomaliza anaimaliza kutatsala sabata kuti adwale. Tsiku la maliro amayi atafuna kuiyala, Eliza anakana. "Iyo ayi. Iyo adzakhalira Lucy." Anaiimika pakona m'nyumba, yopindapinda, yomanga ndi luzi. Miyezi itatu inatha ikununkhirabe bango laliwisi.

Mvula inakata. Pasaka anafika. Lachisanu Loyera, anthu akuchokera ku Njira ya Mtanda, kunatulukira Christina, mlongo wa malemuwo, amene amachapa nsalu zogonera kunyumba ina ya alendo kufupi ndi nyanja. Nyumbayo ndi ya bwana wina wa ku Blantyre, ndipo anthu a m'tauni amaibwereka masiku a tchuthi. Christina ndi mkazi woti nkhani ikamulowa m'khutu imamuyabwa mpaka aitule.

"Alamu, mwatibisiranji kuti alendo anu afika?"

"Alendo ati?"

"Iii, ndiye simukudziwa? Lucy ndi a Yakobo amuna ake! Afika dzulo, magalimoto awiri, ndi anzawo. Ndawayalira ndekha bedi. Anandiona, koma anachita ngati akufunafuna china m'chikwama."

Kuchoka kunyumba ya alendoyo kufika pakhomo pa Eliza ndi mtunda woti mkazi wosenza mtolo wa nkhuni amayenda osatula. Eliza sanakhulupirire. Anamasula luzi, n'kuyala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pambali pake mpaka dzuwa kupendeka. Sikunabwere munthu. Loweruka m'mawa ananyamuka kukaona ndi maso ake, ndipo ndi mmene anapezekera pagetipo.

"Achemwali, ndimvereni kaye," anatero Lucy, atavula magalasi aja tsopano. "Anakonza zonse ndi a Yakobo ndi anzawo a kuntchito. Nyumbayi anangoiona pafoni. Ine ndazindikira titakhota pa Mtakataka."

"Ndiye pokhotapo pakamwa panatupa? Unalephera kunena kuti nditsitseni pano, kwathu kuli maliro?"

Lucy anayang'ana pansi. Mawu ake anachepa. "Ndimaopa. Ndimaopa kufika pakhomo n'kupeza njinga ili pakhonde, mwini wake palibe."

Njingayo inalidi pakhonde, matayala ataphwa. Eliza yemwe ankailambalala posesa. Mtima unayamba kumufewera, ndipo akanapatsidwa kamphindi kena, mwina akanaligwira dzanja lija.

Koma kunatulukira a Yakobo, kachikwama kumsana, botolo la madzi m'manja, mimba itatsogola.

"Lucy, dzuwa likukwera! Tikafika mochedwa kuphiri tikapsa." Kenaka anamuona Eliza. "Aa, alamu! Muli bwanji? Pepanitu ndi zija."

Zija. Munthu wathunthu, wa ndevu zake, amene anawalandira a Yakobowo tsiku lodzafunsira mbeta n'kuwaphera tambala, lero wasanduka "zija."

"Zikomo alamu," anatero Eliza. "Kakwereni phiri lanu, lingathawe."

"Mawa, achemwali," Lucy analankhula mofulumira. "Misa ikangotha ndili pakhomo. Ndikulumbira pali malemu mayi."

Tsiku la Pasaka Eliza sanatsalire n'komwe pabwalo la tchalitchi kupatsana moni. Anathamangira kunyumba, kusesa, kuyala mphasa ija. Anatuma uthenga kwa amayi oyandikana nawo kuti mng'ono wake akubwera kudzakhuza. Anabwera asanu ndi mmodzi, ena atasiya nkhuku za Pasaka zili pamoto. Amuna awiri oti amuperekeze kumanda anapezeka, n'kukhala pachitsa chapatali. Aliyense anakhala pansi pa dothi, mphasa n'kuisiya yopanda munthu, chifukwa ankadziwa mwini wake.

Mthunzi wa mango unachoka kumadzulo, unabwera pansi pa mtengo, unapita kum'mawa. Eliza anakoka mphasa katatu kuitsatiza mthunzi. Njinga yamoto ikalira kumsewu amayi onse ankatukula mitu. Kenaka mmodzi anakumbuka mwana, wina anakumbuka mbuzi. Amuna aja anaimirira, kukuntha fumbi kumatako, n'kunena kuti, "Mutiitana akafika."

Amene anafika ndi Christina.

"Akuti miyendo yatupa ndi phiri la dzulo," anatero, akukhala osapatsidwa malo. "Komatu alamu, miyendo yotupayo yakwera boti. Ndaona ndi maso angawa. Panopa akuwotcha chambo, wailesi ili pamwamba. Mkazi wa mnzawo wina akuti tchuthi ngati ichi sadzachiiwala."

"Nanenso sindidzachiiwala," anatero Eliza.

Komabe Lolemba m'mawa anayalanso mphasa. Musamuseke. Munthu amene unamupukuta mamina suleka kumudikira tsiku limodzi. Amayi aja anabweranso, ndipo ulendo uno anachuluka, chifukwa nkhani inali itamveka mpaka kuchigayo, ndipo ena anabwera ndi makutu okha.

Cha m'ma teni kunamveka galimoto. Sinaime kunjira ayi. Inalowa mpaka pabwalo, n'kuponda mbatata zimene Eliza anayanika, ina ikutsatira pambuyo. Palibe anamva kulira. Chitseko chinatseguka, Lucy n'kutsika atamanga chitenje pamwamba pa buluku, jumbo ili m'manja.

"Odi kuno!"

Amayi anayang'anana. Mayi wina wachikulire anatsokomola.

Lucy anazindikira yekha. Anaima kaye, anavula nsapato, n'kubwera mowerama kudzakhala pamphasa. Anaisisita ndi chikhatho. Msoko wake anaudziwa, pakuti ali mwana ankawagwirira a Kaliati chingwe akamasoka. Anatembenuka n'kuona njinga pakhonde.

"Achemwali... bambo anga aja..."

Misozi inatsika, yeniyeni, yosachita kufinya. Eliza anasendera pafupi. Amayi anakoka zitenje kumaso, okonzeka kulandira maliro. Wina anali atatuma kale kuti akaitane amuna aja.

Pipiii!

A Yakobo sanatsike n'komwe. Injini inali ikulira, magalasi otseka kuti mphepo yozizira isatuluke. Anatsitsa galasi pang'ono. "Lucy, msewu wokwera phiri wa Khwekhwerere ndi wautali, anzathuwa mawa ali ndi ntchito! Alamu, mutikhululukire, tidzabwera bwinobwino."

Lucy anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana galimoto, n'kuyang'ana mkulu wake.

"Kumanda si kutali," anatero Eliza motsitsa. "Anthu okuperekeza akubwera. Ukangoona pamene agona, basi. Galimoto ipite, iwe ukwera minibasi mawa. Ndikuperekeza ndekha kumsewu."

Maso onse anali pa Lucy. Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

Pipiii!

"Sindingathe, achemwali. Anzawo aziti chiyani? Ndidzabwera pa Khirisimasi, ndidzagona sabata yathunthu." Anaimirira n'kukankhira jumbo ija kwa Eliza. "Landirani kachipepeso aka."

Eliza akanatha kuilowetsa m'nyumba jumboyo osaitsegula. Koma inali yosamanga, ndipo inagwa cham'mbali. Munatuluka botolo la mafuta ophikira, mafuta ali m'munsi. Eliza analiimika pamphasa. Anapisa dzanja n'kutulutsa shuga wotsegula, pakamwa pake atapotokola n'kumanga ndi mphira. Anamuika pambali pa botolo. Buledi, zidutswa zinayi ndi chakumapeto. Anyezi awiri. Sopo wosamba kale, tsitsi la munthu litamatirira. Anazindandalika zonse bwinobwino ngati wogulitsa pamsika wa Golomoti, amayi akuona.

"Izi n'zotsala za tchuthi?"

"Achemwali, musaganize molakwika. Sitolo zinali zotseka dzulo. Ndinangoti ndi zabwinobwino, zikanangotayidwa."

"Zikanangotayidwa," anabwereza Eliza. Sanakuwe ngati pageti paja. Anabwezera chimodzichimodzi m'jumbo n'kumupatsa Christina. "Alamu, kabwezeni komwe zachokera. Mwina kubwera alendo ena."

Kenaka anagwada, n'kuyamba kupinda mphasa. Anaipinda mosafulumira, kuilinganiza nsonga, kuimanga ndi luzi lomwe lija. Anainyamula mpaka pagalimoto, n'kugogoda pagalasi la a Yakobo. Atatsitsa, anailowetsa yonse kudzera pawindo, bango likukwecha mipando, mpaka nsonga inakagunda chipewa cha mlendo amene anakhala kumbuyo.

"Alamu, n'chiyani ichi?"

"Ndi zija," anatero Eliza. Anatembenukira kwa Lucy. "Anakusokera ndi bambo ako. Tenga. Tsiku limene udzapeze nthawi, udzayale m'nyumba mwako udzalire wekha. Kuno usadzavutike."

"Achemwali!"

Eliza analowa m'nyumba n'kukoka chitseko. Amuna operekeza kumanda aja anafika magalimoto akutuluka, n'kungolandira fumbi.

Christina akuti mlonda wa kunyumba ya alendo anamva kwa dalaivala wa galimoto yachiwiri kuti Lucy ndi a Yakobo anakangana msewu wonse wa Khwekhwerere, ndipo atafika pamwamba a Yakobo anafuna kutaya mphasayo kuphompho, Lucy n'kuikumbatira. Kaya n'zoona, pakuti za Christina umachotsako theka. Chodziwika n'chakuti a Yakobo salankhula ndi Christina, akuti ndi amene anaulula. Christina salankhula ndi mayi wachikulire uja anatsokomola, pa zifukwa zawo zina zakale zimene zinadzuka tsiku lomwelo.

Khirisimasi inafika, inapita. Lucy amaimba foni Lamulungu lililonse Misa ikatha. Eliza amaiyang'ana ikuwala pathebulo mpaka itazima yokha, n'kutenga tsache. Amasesa pakhonde, kulambalala njinga, kulowa m'nyumba. Pakona paja pamene panaima mphasa, thadzi linapezapo malo, ndipo amalisiya liikire.