Chipeso cha a Zikhale

"Mundiuzenso, amayi. Koma muyambire kumapeto," anatero Lexon.

Naphiri sanasiye kupinda malaya a malemu amuna awo. Maliro anaikidwa dzana kumudzi, ndipo banja linali litabwerera ku Area 43, kunyumba ya mwana wawo Triza, kumene a Zikhale anadwalira mpaka kutsirizika. Lexon, mchimwene wake wa Triza, anakhala pabedi, manja ali pamaondo.

"Ndakuuza kale. Anatsegula maso nati, 'Lexon ndamukhululukira.' Kenaka anagona."

"Dzulo munatero. M'mawa muno munateronso. Mawu omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe."

Lexon anali wapolisi ngati bambo ake. A Zikhale anafufuza milandu mpaka kupuma pantchito, ndipo ankati wonena zoona amasokoneza, amabwerera m'mbuyo, amakumbukira ntchentche imene inatera pakapu, koma wabodza amayenda njira imodzi poti anailambula yekha. Awiriwa anayambana a Zikhale atamva kuti Lexon anamenya munthu mpaka kuvomera mlandu wosapalamula. "Wofunsa ndi mbama ndi mlesi," anamuuza pamaso pa anthu. Lexon sanabwerenso, ngakhale matenda atakula.

Triza anasuzumira pakhomo. "Achimwene, amayi si mbava ya mumsika wa ku Old Town. Asiyeni."

"Ndikungofunsa. Anagonera mbali iti, amayi? Zenera linali lotsegula? Inu munali chiimire kapena chikhalire?"

Naphiri anasiya kupinda. Anayang'ana malaya aja.

"Iwe ndi bambo ako ndinu amodzi. Chabwino. Sananene. Dzina lako silinatuluke m'kamwa mwawo. Ndinapeka ine kuti udye chakudya."

Lexon anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali psuu.

"Ndiye basi."

"Basi chiyani? Wapolisi wanji iwe? Wafunsa zimene ananena, zimene ankachita sunafunse."

Naphiri anapisa dzanja pansi pa pilo natulutsa chipeso chakuda chothyoka mano.

"Galimoto ikangoima pageti, ankatenga ichi. Kupesa titsitsi tawo totsala tija, kuwongola kolala, maso kukhomo. Akaona kuti ndi amayi a Mvano akutchalitchi, kaya amuna a Triza, ankachibweza pansi pa pilo. Ankapesera ine? Chikwatirane sanandipeserepo."

Lexon anachilandira ndi manja awiri. Pakati pa mano a chipesocho panali patatsala imvi.

"Anali munthu wouma pakamwa, ndipo waona pamene zatifikitsa," anatero Naphiri, akutenga malaya ena. "Iwe uli ndi ana ku Mchinji. Uziwauza ndi pakamwa, akumve udakali moyo. Usadzawasiyire chipeso."