Kadontho kachikasu pansi pa karinya

A Martinho a ku Fonte Boa, olima mbatatesi kumtunda kwa tchalitchi aja, anakagula karinya, galimoto yonyamulira katundu, yoyera ku Tete, yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ansembe anaiwaza madzi odalitsa, amayi n'kululutira. Ogulitsa anawauza kuti injini ikafa zaka zitatu zisanathe adzaikonza ulere, akuti garantiya. Koma sipanala ya munthu wina isakhudzepo, ngakhale oliyo azikasinthitsa kwa iwo konko.

Ulendo woyamba wosinthitsa oliyo anapita. Anawakhazika pa mpando wofewa, n'kuwapatsa khofi m'kakapu konga chivindikiro cha botolo, kenako n'kuwauza mtengo. Anabwerako nkhope ili gwa.

"Kwagwanji, bambo a Glória?" anafunsa akazi awo, a Sesilia.

"Kungosintha oliyo, ndalama ya feteleza wa munda wonse. Kaya amathiramo mafuta a ubatizo."

Ndiye nthawi itakwananso anagula oliyo wawo pa Kalomwe, n'kuyala thumba, n'kulowa pansi pa galimoto chagada. Sizinavute, paja njinga yamoto ankakonza okha. Koma atamanga parafuzo, bawuti yotsekera oliyo ija, anaona kadontho ka utoto wachikasu kochokera pamutu pake kufika pachitsulo, tsopano kataduka pakati. Eti ndi mmene a ku Tete amadziwira kuti wina watsegula.

Anagona pansipo nthawi yaitali, miyendo yokha ikuoneka. Kenako anaitana mwana wawo wamkazi.

"Glória, kabotolo ka utoto wa zikhadabo ndinati utaye kaja, unataya?"

"Ndinataya, bambo."

"Kakatenge komwe unatayako."

Kanatuluka m'thumba la nyemba, kachikasu ndithu. A Martinho anapaka ndi kaburashi kake, lilime lili kunja, ndipo mumdima wa pansi paja panalibe kusiyana. Kuyambira pamenepo ku Tete ankapita mwa apo ndi apo, kuti asawaiwale, kwinako ankadzichitira okha. Glória naye anayamba kupenta poyera, mpaka ku Misa, bambo ake osamuletsanso.

Nthawi yokumba mbatatesi, garantiya itatsala miyezi yochepa, injini inayamba kugogoda akutsetsereka ndi katundu, n'kutulutsa utsi, n'kuzima. Lole ina inawakokera ku ofisina, galaja ya ogulitsa aja. A Martinho sanade nkhawa kwenikweni, ankangoganiza za matumba awo ali padzuwa.

Mekaniko, dzina lake Tarsisio, anakweza galimoto m'mwamba ndi makina, n'kuunika ndi tochi pansi pake. Anaima pamenepo, bwana wake ali kumbuyo.

"Papa, tabwerani muone," anaitana a Martinho.

Kadontho kaja kanali kunyezimira. Munali tinthu tagolide tosaoneka mumdima, toti waliwali ngati nsalu ya mkwatibwi.

"Utoto wathu sunyezimira," anatero Tarsisio. "Uwu mlongo wanga ali nawo. Amagula pa Kalomwe."

"Mwina ndi madzi odalitsa aja," anatero a Martinho.

Palibe anaseka. Bwana uja anajambula ndi foni n'kulowa mu ofesi.

"Oliyo munkathira bwino, papa, chafa ndi china," anatero Tarsisio motsitsa mawu. "Koma aona kale."

Garantiya inathera pomwepo. Mtengo wokonzera umene anawauza, akuti ngakhale a Sesilia sanauzidwe mpaka lero. Khofi nayenso ulendo uno sanabwere.

Karinya inabwerera kumudzi ili pamsana pa lole yonyamula simenti. Pano ili pansi pa mtengo wa mapichesi, injini itamwazidwa pa matumba, a Martinho akuikonza okha pang'onopang'ono, poonera pa foni ya Glória. Mbatatesi zikupita ku Ulongwe pa ngolo ya ng'ombe ya alamu awo. Parafuzo ija anaipala ndi mpeni mpaka kuyera. Glória anasintha, masiku ano akupenta wofiira.